Tirigu akasowa carbon dioxide, nayitirojeni amene tathira amatani?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa sayansi pasukulu ina ya sekondale kufupi ndi Bembeke m'boma la Dedza. Iwo alemba kuti: "Kwathu ndi ku Tsangano, kumene bambo anga amalima tirigu. Chaka chatha mawawa anadula msanga, tirigu anayamba kuchita chikasu, iwo n'kuthira yureya wambiri, koma mbewu sinasinthe ndipo njere zinatuluka zokwinyika. M'kalasi ndimaphunzitsa kuti chomera chimafuna carbon dioxide popanga chakudya, ndiponso kuti chimafuna nayitirojeni popanga mapuloteni, ngati kuti ndi nkhani ziwiri zosakhudzana. Kodi tirigu angasowe carbon dioxide ali m'munda wapamtetete, makamaka kuno kumtunda kumene amati mpweya ndi wopepuka? Nanga akausowa, nayitirojeni amene tathira amatani?"

Aphunzitsi, tirigu angathedi kusowa carbon dioxide ali pamtetete, ndipo malinga ndi momwe mwafotokozera, n'zimene ndikuona kuti zinachitika m'munda wa bambo anu. Koma kusowako sikuchitikira mumlengalenga. Kumachitikira mkati mwa tsamba, ndipo kukangoyamba, ntchito yosandutsa nayitirojeni kukhala mapuloteni nayonso imabwerera m'mbuyo, chifukwa ntchito ziwirizi zimadalira mphamvu imodzi ndi zipangizo zimodzi.

Ndiyambe ndi mpweya wakunja, poti ndi umene mwaukayikira. Lero mumlengalenga muli carbon dioxide wopitirira pang'ono magawo 420 pa magawo miliyoni imodzi a mpweya wonse. Pamene Charles David Keeling ankayamba kuyeza mpweyawu paphiri la Mauna Loa ku Hawaii m'chaka cha 1958, anapeza pafupifupi magawo 315, ndipo mafakitale asanachuluke padziko analipo pafupifupi 280. Choncho tirigu wa ku Tsangano akupuma mpweya wokhala ndi carbon dioxide wochuluka kuposa umene tirigu wina aliyense anapumapo chiyambire ulimi wake. Zoti kumtunda mpweya ndi wopepuka n'zoona: pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 monga tawuni ya Dedza, mpweya umapanikiza mocheperapo ndi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo carbon dioxide amachepa pamlingo womwewo. Komabe zimenezi sizimuvuta tirigu kwenikweni. Okosijeni, amene muona posachedwa kuti ndiye amapikisana ndi carbon dioxide m'tsamba, nayenso amachepa mofanana. Mpweya wopepuka umalowerera m'tsamba mofulumirapo. Ndipo kuzizira kwa kumtunda kumam'komera tirigu kwambiri moti phindu lake limaposa kachepedwe kameneko. N'chifukwa chake tirigu m'dziko muno amalimidwa kumapiri a Kirk Range, ku Tsangano ndi ku Neno, pamene zigwa zotentha sizimuyanja.

Vuto lili patimabowo ting'onoting'ono ta pakhungu la tsamba, timene m'mabuku anu timatchedwa stomata. Carbon dioxide amalowera m'timabowo timeneti, ndipo madzi amatulukira momwemo. Pa kachigawo kamodzi ka carbon dioxide kamene tirigu wagwira, amataya tizigawo ta madzi mazana angapo. Nthaka ikayamba kuuma, chomera chimachulutsa mankhwala ake otchedwa abscisic acid, amene amachititsa maselo awiri ozungulira kabowo kalikonse kufwapa, kabowoko n'kutsekeka. Chomera chimapulumutsa madzi, koma chimadzimana mpweya. Ngakhale tsamba lili bwinobwino, carbon dioxide wa mkati mwake amakhala pafupifupi magawo 7 mwa magawo 10 a amene ali kunja, ndipo timabowo tikatsekeka dzuwa likuswa mtengo, amatsika kwambiri m'mphindi zowerengeka chabe chifukwa tsamba limapitiriza kudya amene watsala mkati.

Mukhoza kuziona ndi maso. Mukalowa m'munda wa tirigu wosowa madzi cha m'ma 11 koloko m'mawa, mudzaona masamba atapindika m'litali, m'mbali mwake mutayang'ana mkati, mtundu wawo utasiya kubiriwira kowala n'kuoneka wotuwa mopita kukubuluwu. Mukaponda mbewu, siidzuka msanga, mapazi anu amatsala akuoneka m'mbuyo. Mukagwira tsamba, mumamva kuti ndi lofunda, chifukwa lasiya kudziziziritsa ndi nthunzi. Tirigu woteroyo amaoneka wamoyo, ndipo madzulo amatambasukanso moti mwini munda amalimba mtima, koma maola amene dzuwa linali lamphamvu kwambiri awataya osapanga chakudya chokwanira.

Chimene chimagwira carbon dioxide m'tsamba ndi enzayimu (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'selo) yotchedwa Rubisco, imene imayambitsa mndandanda wa ntchito umene Melvin Calvin ndi anzake anaufotokoza, Calvinyo n'kulandira mphoto ya Nobel mu 1961 chifukwa cha ntchitoyi. Rubisco ali ndi chilema chimodzi chachikulu: sasiyanitsa bwino carbon dioxide ndi okosijeni. Mumpweya wamasiku onse, kutentha kuli madigiri 25, Rubisco wa tirigu amagwira okosijeni pafupifupi kamodzi pa maulendo anayi alionse. Akatero amatulutsa chinthu chimene chomera sichingachigwiritse ntchito momwe chilili, ndipo kuti chibwezedwe m'njira yoyenera chimayenera kudutsa m'zigawo zitatu za selo, chloroplast, peroxisome ndi mitochondria, paulendo umene umadya mphamvu n'kutayitsanso carbon dioxide wina amene anali atagwidwa kale. Ulendo umenewu ndi umene umatchedwa photorespiration. Tsopano carbon dioxide akachepa mkati mwa tsamba, okosijeni sachepa, ndiye Rubisco amalakwitsa pafupipafupi. Kutentha kumaonjezera vutoli, chifukwa madzi a m'selo akafunda amasunga carbon dioxide wochepa poyerekeza ndi okosijeni, komanso Rubisco mwiniwake amasankha mosalongosoka kwambiri. Pamafika poti carbon dioxide amene akugwidwa amangofanana ndi amene akutayika. Kwa tirigu, malire amenewa ali pafupifupi pa magawo 40 mpaka 50 pa miliyoni, ndipo tsamba likafika pamenepo limagwira ntchito tsiku lonse popanda kuonjezera kalikonse kuchomera.

Chimanga sichivutika choncho, ndipo ichi n'chofunika kuti ana anu achidziwe chifukwa mbewu imene amaidziwa bwino ndi chimangacho. Chimanga, mapira ndi nzimbe zili m'gulu lotchedwa C4, limene njira yake inafotokozedwa ndi Hatch ndi Slack ku Australia mu 1966. Mbewu zimenezi zimayamba zagwira carbon dioxide ndi enzayimu ina imene silabadira okosijeni, kenaka n'kumuunjika m'maselo amkati mmene muli Rubisco, kotero kuti malire awo ali pansi pa magawo 10 pa miliyoni. Tirigu, mpunga, nyemba ndi mbatatesi ndi za gulu la C3, lopanda njira imeneyi. Mlimi amene wazolowera chimanga akamayembekezera kuti tirigu apirira kutentha ndi kuuma mofanana nacho, amakhala akumuyembekezera zimene thupi lake silingathe.

Umboni wa momwe tirigu amavutikira ndi carbon dioxide wochepa ulipo wambiri. Madzi oundana akale a ku Antarctica amasonyeza kuti zaka pafupifupi 20,000 zapitazo carbon dioxide anali pakati pa magawo 180 ndi 190 pa miliyoni. Mbewu za C3 zikalimidwa mumpweya wotere, kawirikawiri zimakula pafupifupi theka la momwe zimakulira masiku ano. Ku Temple m'chigawo cha Texas, ofufuza analima tirigu m'chipinda chachitali chimene carbon dioxide wake ankachepa pang'onopang'ono kuchoka pa magawo pafupifupi 350 kufika pa 200, ndipo zokolola za kumbali ya mpweya wochuluka zinaposa kuwirikiza kawiri za kumbali inayo. Mu 1995 katswiri wa zomera Rowan Sage anapereka ganizo loti mwina ulimi sukanayambika nthawi imeneyo chifukwa cha kuchepa kwa carbon dioxide, ndipo n'zochititsa chidwi kuti anthu a ku Middle East anayamba kulima tirigu zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, mpweyawu utakwera kale. Limeneli ndi ganizo lokambidwabe, koma likusonyeza kukula kwa nkhani imene mwafunsa.

Tifike tsono pa nayitirojeni, pamene pagona funso lanu. Yureya akathiridwa m'nthaka yachinyezi amasanduka amoniyamu, ndipo tizilombo ta m'nthaka timasandutsa amoniyamu wambiri kukhala nayitireti, amene ndiye tirigu amamwa kwambiri. Nayitireti si chakudya chokonzeka. Akafika m'tsamba, enzayimu yotchedwa nitrate reductase imamusandutsa nayitiraiti, kenaka mkati mwa chloroplast nayitiraitiyo amasanduka amoniyamu. Ntchito yonseyi imafuna ma elekitironi 8 pa nayitireti mmodzi, ndipo 6 mwa iwo amachokera mwachindunji kukuwala kwa dzuwa, kugwero lomwelo limene limapereka mphamvu yogwirira carbon dioxide. Amoniyamu akapezeka, ma enzayimu awiri, glutamine synthetase ndi glutamate synthase, amamulumikiza ku kachinthu ka kaboni kotchedwa 2-oxoglutarate, n'kupanga ma amino acid amene amamanga mapuloteni. Kachinthu ka kaboni kameneka kamachokera kushuga amene tsamba lapanga. Zili ngati munthu amene wamweta udzu wambiri n'kuunjika mitolo pabwalo, koma mitengo ya phaso palibe: ngakhale abweretse mitolo ina, nyumba sifoleredwa. Mu puloteni, kaboni amatenga pafupifupi theka la kulemera kwake pamene nayitirojeni amangotenga 16 peresenti, choncho chomera chosowa kaboni sichingamange puloteni ngakhale nayitirojeni atachuluka bwanji.

Chomera sichidikira kuti zinthu ziwonongeke, chimadziletsa chokha. Mu 1989 Werner Kaiser ndi mnzake ku Würzburg m'dziko la Germany anasonyeza, pogwiritsa ntchito masamba a sipinachi, kuti carbon dioxide akachepa kwambiri tsamba limasiya kusandutsa nayitireti. Kafukufuku wotsatira anaonetsa momwe zimachitikira: shuga wa m'selo akatsika, nitrate reductase amamatidwa kachigawo ka fosifeti, puloteni ina yotchedwa 14-3-3 n'kumugwira, iye n'kuima, ndipo zonsezi zimatheka m'mphindi zochepa. Carbon dioxide akabwerera, enzayimuyo imamasulidwa n'kuyambiranso. Nzeru yake ndi yakuti nayitiraiti ndi amoniyamu ndi poizoni zikaunjikana m'selo, pamene nayitireti angathe kusungidwa popanda choopsa. Ndiye yankho la funso lanu lachiwiri ndi ili: nayitirojeni amene walowa m'chomera chotseka timabowo amangokhala monga nayitireti m'mapesi ndi m'masamba, osasanduka puloteni. Chilala chikapitirira masiku angapo, chomera chimachepetsanso kapangidwe ka enzayimuyo, ndipo mizu nayo imachepetsa kumwa nayitireti chifukwa imalandira shuga wochepa kuchokera kumwamba.

Palinso china chimene mabuku a sekondale satchula kawirikawiri, koma ine ndimachiona kuti ndi mtima wa nkhaniyi. Photorespiration ija sitaya carbon dioxide yekha. M'mitochondria, ma amino acid awiri otchedwa glycine akamasanduka mmodzi wotchedwa serine, pamatuluka carbon dioxide mmodzi ndi amoniya mmodzi. Amoniya ameneyu anali kale mkati mwa ma amino acid, ndipo tsamba liyenera kumugwiranso msanga ndi ma enzayimu omwe aja, kuwononganso mphamvu kachiwiri pa nayitirojeni yemweyo. Ofufuza a ku Rothamsted ku England, gulu la Alfred Keys, Peter Lea ndi Ben Miflin, anafotokoza kuzungulira kumeneku mu 1978, ndipo zinadziwika kuti amoniya wozungulira njira imeneyi m'tsamba la C3 angathe kuposa kangapo, mwinanso kufika kakhumi, nayitirojeni watsopano wochokera kumizu. Carbon dioxide akachepa, kuzungulirako kumatenga gawo lalikulu la ntchito ya tsamba. Kufunika kwa ntchitoyi kunaoneka pa barele amene anabadwa wopanda glutamine synthetase wa mu chloroplast: mumpweya wodzaza carbon dioxide ankakula bwino, koma akamutulutsira mumpweya wamba ankawonongeka. Mankhwala opha udzu otchedwa glufosinate amapha chomera poimitsa enzayimu yomweyi.

Komabe musawaphunzitse ana kuti photorespiration ndi chitayiko chokhachokha. Tsamba likatseka timabowo, dzuwa silisiya kuwala, ndipo mphamvu imene yasowa carbon dioxide woti igwire imayamba kupanga mitundu ina ya okosijeni yowononga, imene imatentha chlorophyll wobiriwitsa tsamba ndi zikopa za mkati mwa selo. Photorespiration imamwa gawo la mphamvu yotsalayo n'kuteteza tsamba. Ndi chitetezo chodula, koma chopanda icho tirigu akanapsa msanga kuposa momwe amapsera.

Nanga chikasu chimene bambo anu anaona chinachokera kuti? M'tsamba la tirigu, Rubisco yekha amasunga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a nayitirojeni yense wa tsambalo. Chomera chikaona kuti madzi akutha, chimafulumiza kukhwima: chimaphwanya Rubisco ndi mapuloteni ena a m'masamba akunsi, n'kutumiza nayitirojeniyo kumasamba apamwamba ndi kungala. Masamba akunsi amachita chikasu kuyambira kunsonga, mofanana kwambiri ndi momwe amachitira tirigu wosowa feteleza, ndipo sindingawadzudzule bambo anu poganiza kuti mbewu ili ndi njala. Chosiyanitsa chili m'nthaka ndi m'kaonekedwe ka masana. Tirigu wosowa nayitirojeni panthaka yachinyezi amakhala wotumbuluka munda wonse, waufupi, wa mphukira zochepa, koma masamba ake amakhala otambasuka. Wosowa madzi amapinda masamba, amayambira malo a nthaka yosaya ndi m'mitunda, ndipo mukakumba ndi khasu kuzama kwa chikhatho chimodzi kapena ziwiri n'kufumbata dothi, limangoyoyoka.

Yureya amene anathiridwa pamenepo anakumana ndi zopinga ziwiri. Choyamba, yureya ali ndi nayitirojeni 46 peresenti, koma akamwazidwa pamwamba pa nthaka yongonyowa ndi mame popanda mvula yomulowetsa pansi, amasungunuka n'kuyamba kuuluka monga mpweya wa amoniya, ndipo wotsalayo safika kumizu chifukwa palibe madzi omutenga. Chachiwiri ndi chimene tafotokoza kale, chakuti wochepa amene walowa amapeza nitrate reductase ataima. Apa ndichenjeze alimi oweta ng'ombe: tirigu kapena mbewu ina yamtundu wa udzu imene yathiridwa nayitirojeni wambiri kenaka n'kugwidwa ndi chilala imatha kusunga nayitireti wochuluka moti ng'ombe ikaidya yaiwisi, nayitiretiyo amasanduka nayitiraiti m'chifu n'kulepheretsa magazi kunyamula okosijeni. Munda wotere ukalephera, si wofulumira kulowetsamo ziweto, makamaka masiku oyamba mvula ikangogwa.

Kukwinyika kwa njere n'kosavuta kumvetsa tsopano. Gawo lalikulu la njere ya tirigu, pakati pa 60 ndi 70 peresenti, ndi sitachi, ndipo sitachi wambiri amachokera kushuga wopangidwa tirigu atatulutsa kale ngala, makamaka ndi tsamba lomaliza lapamwamba ndi ngala yeniyeniyo. Chomera chimasunga shuga wina m'phesi kuti chidzamugwiritse ntchito zinthu zikavuta, koma sakwanira kudzaza njere zonse. Nayitirojeni wa m'njere, mosiyana, wambiri amakhala kuti analowa m'chomera chisanachite maluwa, ndipo amangosamutsidwa. Choncho chilala cha nthawi yodzaza njere chimadula sitachi kuposa puloteni, ndipo njere zokwinyika zikayezedwa zimaonetsa peresenti yokwera ya puloteni. Chiwerengero chimenecho chisanyenge munthu, chifukwa puloteni yense wa pa hekitala amakhala atatsika, ndipo ufa wotuluka m'thumba limodzi umakhala wochepa pamene gaga wachuluka.

Ndionjezere mwachidule kuti mbali inayo nayo ili ndi zovuta zake. Arnold Bloom wa ku University of California ku Davis anasonyeza mu 2010 kuti carbon dioxide akachuluka kwambiri, tirigu amachepetsanso kusandutsa nayitireti, ndipo iye amagwirizanitsa zimenezi ndi kuchepa kwa photorespiration, imene imathandiza kutulutsira enzayimu ya nayitireti mphamvu ina. Kafukufuku wa m'minda yopoperedwa mpweyawu mpaka pafupifupi magawo 550 pa miliyoni wapeza kuti zokolola zimakwera koma puloteni, zinki ndi ayironi wa m'njere amatsika. Zimenezi sizitsutsa zimene ndanena pamwambapa. Kusandutsa nayitireti kumayenda bwino pamene kaboni ndi mphamvu zilipo pamlingo woyenera, ndipo kumasokonezeka kumbali zonse ziwiri, kungoti kusowa kwadzaoneni kobwera ndi chilala n'kumene kumabweza ntchitoyo m'mbuyo kwambiri.

Kwa mlimi wa ku Tsangano amene amafesa kumapeto kwa dzinja podalira chinyezi chotsala ndi mawawa a nyengo yozizira, malangizo anga ndi akuti nayitirojeni wambiri alowe msanga, pofesa ndi pamene tirigu akutulutsa mphukira, nthaka idakali yonyowa, ndipo akwiriridwe m'malo momwazidwa pamwamba. Nayitirojeni wopitirira muyeso pa tirigu wodalira chinyezi chotsala ndi woopsa mwa njira inanso, chifukwa amakulitsa masamba ambiri amene amamaliza madzi a m'nthaka ngala zisanadzaze. Manyowa ndi zinyalala za mbewu zosiyidwa m'munda zimathandiza posunga madzi kuti timabowo tikhale totseguka maola ambiri. Olima mothirira m'madimba a ku Dedza afese kuzizira kukangoyamba kuti njere zidzaze kutentha kwa Sepitembala ndi Okutobala kusanafike, ndipo asaphonye kuthirira nthawi ya maluwa ndi ya kudzaza njere. Asathirirenso mopitirira, pakuti mizu yomira m'madzi imasowa okosijeni ndipo chomera chimatseka timabowo ngati kuti chili pachilala. Malo okhawo amene carbon dioxide wakunja kwa tsamba amachepadi kwambiri ndi m'nyumba za pulasitiki zolimiramo mbewu zikatsekedwa ponseponse: dzuwa likatuluka, mbewu zimatha kumutsitsa mpaka pafupifupi magawo 200 pa miliyoni, n'chifukwa chake m'mbali mwake muyenera kutsegulidwa m'mawa ngakhale kunja kuli kozizira.

M'kalasi, mukamachita zoyesera zija zoika chomera m'botolo kapena m'thumba loonekera mkati pamodzi ndi soda lime kuti amwe carbon dioxide, kenaka n'kuwiritsa tsamba, kulichotsa kubiriwira ndi ethanol ndi kulidontheza ayodini kuti muone ngati muli sitachi, musagwiritse ntchito tsamba la tirigu. Tirigu amasunga chakudya chambiri cha m'tsamba monga shuga wosungunuka, sitachi amakhala wochepa, kotero kuti ngakhale tsamba lathanzi silidetsa ayodini mokwanira ndipo ana adzaganiza kuti zoyeserazo zalephera. Pa ayodini gwiritsani ntchito nyemba kapena mbatatesi. Pa tirigu, dzalani m'zitini zinayi za dothi lofanana: ziwiri muzithire yureya ndipo ziwiri ayi, kenaka pa gulu lililonse chitini chimodzi chizithiriridwa mokwanira pamene chinacho chizilandira madzi ochepa kuyambira pamene mbewu yatulutsa mphukira. Pakatha milungu itatu kapena inayi, ana awerenge mphukira, ayeze kutalika kwa mbewu, aumitse n'kuyeza kulemera kwake, ndipo ayerekeze phindu la yureya pachitini chothiriridwa ndi phindu lake pachitini chouma.